Mvula Imene Ndinalembera Mervis

Pa anthu onse amene ndinawapha, ambiri ndinawapha ndi mvula. Musadzidzimuke, ndikunena za m'masewero. Zaka zimenezo ndinkaphunzitsa sitandade 7 pasukulu ina ya pulayimale m'chigwa cha Domasi, ndipo kukakhala tsiku la makolo kapena msonkhano wa achinyamata kutchalitchi, anthu ankangoti aitaneni a Stewart atilembere sewero. Ine sindinkanyinyirika, chifukwa kutamidwa ndinkakukonda kuposa ndiwo za nyama.

Vuto la sewero ndi lakuti munthu sangangofa. Owonerera amafuna aone ndi maso chimene chamupha. Mpeni abusa ankaletsa, ufiti ankaletsanso, ndiye ine ndinatulukira mvula. Tinkamanga nsalu pakati pa mitengo iwiri, wina n'kukwera pa desiki kuseri kwake atanyamula kheni yothirira kudimba. Mwana wamasiye wapirikitsidwa ndi mayi womupeza, kheni yapendekeka, mwana wavumbwa, watsokomola katatu, wagwa. Azimayi ankapukuta misozi ndi zitenje, ndipo palibe anabwerapo kudzandifunsa kuti mwanayo chamupha n'chiyani.

Wondivuta anali mmodzi yekha, mnzanga Rashidi, amene ankathandizira dokotala pakachipatala kena kufupi ndi Naisi. Tinakulira limodzi, iye kumzikiti ine kutchalitchi, koma bawo yathu inali imodzi. Ankanditchula kuti wabodza wa satifiketi. Ankati mvula ikanakhala kuti imapha, bwenzi m'chigwa muno mulibe munthu, poti chaka chilichonse timatha mwezi wathunthu miyendo ili m'madzi, msana uli pamvula, tikuwokera mpunga. Chimfine ndi chifuwa, iye ankatero, umachita kupatsidwa ndi munthu mnzako. Kukazizira timadzitsekera m'nyumba, mawindo titatseka ndi sanza, n'kumapumirana. Malungo nawo ndi udzudzu, osati madzi ogwa kumwamba. Ine ndinkamuyankha kuti andipezere udzudzu woti anthu a benchi yomaliza auone, ndisiya mvula. Tikatero tinkaseka n'kupitiriza bawo.

Mlongo wanga Mervis anabwerera kumudzi mu Epulo 1996. Anali wamng'ono kwa ine ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Anakwatiwa ku Limbe ndi a Kizito, kalaliki wa m'sitolo ina ya zitsulo. A Kizitowo anamwalira chaka cham'mbuyo, ndipo khanda lawo linawatsatira patangopita miyezi inayi. Paja amati mvula ikakuona litsiro sikata. Mervis anatsika minibasi ndi sutikesi imodzi ndi makina osokera, diresi lake likuoneka ngati lobwereka kwa munthu wonenepa. Amayi anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kunena kuti chamudya ndi chisoni, phala la mpunga limubweza.

Amayi athu, a Eluby, anatilera okha ndi khasu ndi pakamwa, bambo atamwalira ife tili aang'ono. Anali wapampando wa amayi a Mvano, ndipo bulauzi yawo yoyera inkawala kuposa ya aliyense pamzere. Anali munthu woti akamva kuti uje wadwala, amafika ndi nkhuni pamutu eni ake asanaganize zopempha. Koma lilime lawo linalibe mabuleki, ndipo kunong'ona sankakudziwa. Ankayankhula kaye, kuganiza pambuyo, nthawi zina osaganiza n'komwe.

Mu Meyi, tsiku lina tikuchokera kumunda awiriwiri, Mervis anaima pamlatho wa mitengo ngati akupuma. Anandiuza akuyang'ana madzi kuti mwana atamwalira anakayezetsa magazi ku Blantyre, ndipo anamupeza ndi kachilombo. Zinthu izi ndinkaziphunzitsa m'kalasi, ndinkazilemba pabolodi ndi choko, koma sindinkaganiza kuti zingalowe pakhomo pathu n'kukhala pamkeka.

Ndinati tiyenera kuwauza amayi. Mervis anakana. Sabata yapitayo kunali maliro a mwana wamkazi wa a Sakina, mnansi wathu wogulitsa zitumbuwa, mtsikana amene anabwera kuchokera ku Lilongwe atatha ngati ndodo. Amayi pobwera kumaliroko, akusamba m'manja pakhonde, ananena mokweza kuti atsikana a masiku ano amakaitola okha imfa m'tauni, n'kudzaitula pamphasa za amayi awo kuti awachapire zonyansa. Mervis anali pomwepo, akupeta mpunga m'lichero.

Ndinayesa kumuuza kuti amayi amangoyankhula, mtima wawo suli choncho, ndiponso aliyense akudziwa kuti iye anali mkazi wa pabanja. Anapukusa mutu.

"Achimwene, lumbirani," anatero. "Sindikupempha zambiri. Ndikufuna ndife amayi akundiyang'anabe mmene amandiyang'anira lero."

Ndinalumbira. Ndikanatani, mlongo wanga akundigwira dzanja ndi zala zopanda mnofu?

Mu Juni tinakolola mpunga, amayi n'kuuyanika pamikeka pabwalo. Lachiwiri lina ine ndili kusukulu, phiri la Zomba linabisika, chiperoni chinatsika, kamvula kozizira kaja kamene sikabwera ndi bingu koma kamalowa mpaka m'mafupa. Amayi anathamangira kumikeka, koma inali isanu ndi umodzi ndipo iwo anali okha. Mervis anali atagona m'nyumba, mutu ukumupweteka. Amayi anamukuwira kuti adzuke, ulesi wa m'tauni ausiye ku Limbe komweko, mpunga wa chaka chonse ukunyowa iye ali m'bulangeti. Mervis anadzuka. Anawola mpunga limodzi kwa theka la ola, n'kulowa m'nyumba onse awiri ali chonyowa, akunjenjemera, akuseka. Mpunga unapulumuka.

Patapita masiku atatu Mervis anayamba kutsokomola moonekera. Ndikuti moonekera chifukwa ine ndinali nditamumva kale kuyambira mu Epulo, akutsokomolera m'chitenje kuseri kwa bafa kuti amayi asamve. Mu Julayi anagona osadzukanso. Tinapita naye kuchipatala ku Zomba, anakhala masabata awiri, n'kutiuza kuti tikamusamalire kunyumba. Amayi ndiwo ankamusambitsa, kumutembenuza, kumuchapira, kumumwetsa phala ndi kasupuni kakang'ono kwinaku akumuimbira nyimbo za Mvano. Sanadandaulepo ngakhale tsiku limodzi. Mervis anamwalira pa 12 Sepitembala, dzuwa lili paliwombo, kunja kuli mbee, kopanda ndi kamtambo komwe.

Kwathu kuno pamaliro, abusa asanalalikire, wachibale amaima n'kuwerenga mbiri ya malemu: kubadwa, sukulu, ubatizo, ukwati, kenako mmene matenda anayendera. Zoyambazo anthu amamvera ndi khutu limodzi. Pofika pa matenda, ngakhale oimba amasiya kutsegula mabuku. Zaka zimenezo maliro anali sabata iliyonse, ndipo aliyense ankadziwa kuwerenga zimene sizinalembedwe. Ukangoti anadwala nthawi yaitali, azimayi ankagundana zigongono.

Amalume a Isaki, mlongo wawo wa amayi, anandikokera kuseri kwa nyumba ya siwa m'mawa wa tsiku loika. Anati mutu ukakula sulewa nkhonya, wolemba pabanja pano ndiwe, ulembe zoti anthu asabwerere akunong'onezana za mwana wathu. Sindikudziwa zimene iwo ankadziwa. Sindinawafunse, ndipo iwo sanandifunse.

Ndinakhala pansi pa mtengo wa mango ndi pepala long'amba m'kope. Sindinavutike n'komwe, dzanja linangotsata njira imene linazolowera. Ndinalemba kuti malemu, ngakhale anali wofooka ndi chisoni cha mwamuna ndi mwana, atamva kuti chakudya cha banja chikunyowa, anadzuka pamphasa n'kuthamangira m'mvula yozizira ya mu Juni. Ndinalemba kuti anapulumutsa mpunga koma mphepo inamulowa m'chifuwa, chibayo n'kumugwira osamusiyanso. Ndinaika tsiku, ndinaika chiwerengero cha mikeka, poti bodza limakhazikika bwino likakhala ndi manambala.

Nditawerenga, azimayi analira ndithu, osati kulira kwa mwambo. Zigongono sizinagundane. Ndivomere pano, ngakhale zikundichititsa manyazi: nditaima pambali pa bokosi la mlongo wanga, ndinamva kakunyada kuti ndalemba bwino. Rashidi anali kumbali ya amuna, akuyang'ana nsapato zake. Kumene kunali amayi sindinayang'aneko. Ndinaiwala chinthu chimodzi chimene wolemba masewero sayenera kuiwala, chakuti mvula yanga siinkagwera munthu payokha. Nthawi zonse pankakhala wina amene wamutulutsa panja.

Anthu obwera kudzapepesa atatha, m'pamene ndinaona chimene ndinachita. Amayi anasiya kudya mpunga. Matumba anayi a mpunga uja anakhala pakona, ndipo sankalola kuti wina awatsegule, mpaka anankafumbwe anayamba kumveka usana. Anatula pansi udindo wa Mvano n'kumakakhala benchi yakumbuyo, pamodzi ndi ochedwa. Aliyense wolowa pakhomo ankamuuza mawu amodzimodzi, kuti iwo anasinthanitsa mwana ndi matumba anayi a mpunga. Anthu ankawatonthoza kuti ndi chifuniro cha Mulungu, iwo n'kuyankha kuti amene anakuwa tsiku lija si Mulungu, ndi Eluby.

Ndinkaganiza kuti zitha ndi nthawi, koma sizinathe. Amayi anayamba kuwonda, makolala a bulauzi n'kumalendewera. Mvula yoyamba itagwa mu Novembala anayamba chizolowezi china chimene chinandiopsa. Kukangoda kumwamba, anthu akuthawira m'makonde, iwo ankatenga khasu n'kupita kumunda, osafunda ngakhale thumba. Ankalima mvula ikuwamenya mpaka ikate, n'kubwera ali nyowe, n'kukhala pakhonde osasintha zovala, ngati munthu wodikira basi pa siteji. Ndipo sankadwala. Ngakhale kuyetsemula kokha ayi. Zimenezo zinkawakwiyitsa kwambiri. Tsiku lina ndinawamva akudziyankhulira okha kuti nanga ine ikundisiyiranji.

Ndinayesa njira yachidule, poti ndine munthu wa njira zachidule. Ndinapempha Rashidi kuti abwere adzawafotokozere amayi kuti mvula siyambitsa matenda. Anabwera Loweruka, anakhala pampando wa ndalema, n'kufotokoza mwaulemu zonse zimene ankandinyoza nazo pabawo: za tizilombo, za kupumirana, za anthu owokera mpunga amene amakalamba mpaka mano kutha. Anawauzanso kuti iwo omwe anavumbwa tsiku lomwelo, mvula yomweyo, koma ali moyo. Amayi anamvetsera mpaka kumapeto, anamuthirira tiyi kachiwiri.

"Mwayankhula bwino, bambo Rashidi," anatero. "Koma mwana wangayu ndi mphunzitsi. Anawerenga yekha pamaso pa mpingo ndi pamaso pa bokosi. Mukuti ananama?"

Rashidi anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana nkhuku imene inkadutsa pabwalo.

Pomuperekeza sanandinyoze monga mwa masiku onse, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kunyozako. Anati iye sanamuyeze Mervis ndipo sanganene zimene sanauzidwe, koma maso ali nawo. Anati chingwe ichi ndamanga ndine, ndimasule ndekha, apo ayi chaka chamawa ndidzakhalanso pansi pa mango ndi pepala lina. Anakwera njinga yake osatsanzika bwino.

Ndinalimbana nazo mwezi wonse wa Disembala. Mbali ina kunali lumbiro la pamlatho, kwa munthu amene sangabwerenso kudzandimasula. Mbali ina kunali amayi, amoyo, akutha ndikuona, chifukwa cha mlandu umene ndinawapangira ine ndi bolopeni. Ndinkadziuza kuti Mervis anapempha kuti afe amayi asakudziwa, ndipo zimenezo zinachitika, lumbiro linatha ntchito. Kenako ndinkadziyankha kuti amenewo ndi maganizo a munthu wofuna kuthawa. Pomaliza ndinaona kuti wakufa sangawondenso, koma amayi akhoza.

Ndinawapeza ku nazale m'mawa wina mu Januwale, akuzula mbande za mpunga n'kumazimanga m'mitolo. Anavomera kulima chaka chimenecho chifukwa choti munda wosalimidwa anthu amauseka, osati chifukwa chofuna mpungawo. Ndinavula nsapato, ndinapinda buluku, n'kulowa m'matope pambali pawo. Anandiyang'ana modabwa, poti aphunzitsi ndi matope sizinkagwirizana.

Ndinawauza zonse, mosakometsera, mwina koyamba m'moyo wanga. Ndinati Mervis anabwera kuchokera ku Limbe ali kale ndi kachilombo ka Edzi, kamene kanatenganso a Kizito ndi mwana. Ndinati chifuwa chinayamba mu Epulo, chiperoni chisanaganize zobwera. Ndinati akanagona m'bulangeti tsiku lonse lija, akanamwalirabe. Ndinati mbiri ija ndinapeka ine pofuna kutseka anthu pakamwa, ndipo iwo sanaphe munthu.

Ndinkayembekeza kuti alira, kapena andimenya ndi mtolo wa mbande, kenako apuma ngati munthu wotula katundu. M'mutu mwanga ndinali nditaziona kale zikutha choncho. Koma amayi anangoweramuka pang'onopang'ono, dzanja lili pamsana, n'kundifunsa ngati Mervisyo ankadziwa. Ndinati ankadziwa. Anafunsa kuti ine ndinamva kwa yani. Ndinati anandiuza yekha. Liti? Mu Meyi.

Anawerenga ndi zala zamatope, milomo ikuyenda: Meyi, Juni, Julayi, Ogasiti, Sepitembala.

"Miyezi isanu," anatero. "Tikugona chipinda chimodzi. Anakuuza iwe, ine ayi. Chifukwa?"

Ndinayamba kunena kuti sankafuna kuwadandaulitsa, poti anali atavutika kale mokwanira. Mawuwo ankatuluka osalala bwino. Amayi anakweza dzanja.

"Usandipekerenso, Stewart. Wandipekera kokwanira."

Iwo anayang'ana kutsidya kwa minda, kumene kunkaoneka denga la a Sakina, ndipo anayang'ana nthawi yaitali. Ndinaona nkhope yawo ikusintha, ndipo ndinadziwa kuti akubwerera m'mbuyo okha, tsiku ndi tsiku, mpaka afika pakhonde paja ndi beseni la madzi. Amayi ankayankhula osaganiza, koma sankaiwala chimene ayankhula.

"Maliro a mwana wa a Sakina anali mu Meyi," anatero motsitsa. Aka kanali koyamba kuwamva akunong'ona. "Anali pomwepo. Ankapeta."

Anapitiriza, maso akadali kutsidya.

"Ndinkamusambitsa, ndinkamutembenuza, ndinkamuchapira. Ndikamaimba ankatseka maso, ine n'kumati akumva bwino. Kani mwana wanga ankandiopa. Wapita m'manda akundiopa."

Ndinati sankawaopa, ankawakonda, n'chifukwa chake anabisa. Ndinati iwo akanadziwa sakanamutaya, ndipo Mervis mumtima mwake ankadziwa zimenezo. Ndinayankhula zambiri, zina zoona. Sindikukhulupirira kuti anamva ngakhale limodzi. Chisoni chimene ndinachiona pankhope pawo chinali china, chachikulu kuposa chija ndinabwera kudzachotsa, ndipo ichi panalibe Rashidi woti angachitsutse.

Anawerama kuti amange mtolo umene unali m'manja mwawo. Luzi linawapulumuka kawiri, mbande n'kumwazikira m'madzi. Ndinawerama kuti ndiwatolere, koma anandikankha dzanja, mosakalipa.

"Ukanandisiyira mvula ija, mwananga," anatero. "Inali yopepuka."

Anayamba kutola mbandezo okha, imodzi imodzi.